Google kapena Facebook: ndalama yotsatsira geni ya ku Chilwa muyiike kuti?

Funso ili lachuluka masiku ano pakati pa achinyamata amene akuchita geni kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuyambira ku Kachulu mpaka ku Govala ndi ku Jali. Wina akugulitsa mpunga wa ku Likangala, wina matemba owuma, wina ali ndi boti lopita ku Chisi, wina wangotsegula kashopu ka ma solar ndi machaja. Onse akumva nkhani imodzimodzi, yoti ukalipira pa intaneti makasitomala amabwera okha. Ndiye funso n'lakuti: ndilipire ku Google kuti ndizioneka anthu akamasaka zinthu, kapena ndilipire ku Facebook kuti positi yanga ifike patali?

Ndikufuna ndiliyankhe funsoli mosabisa, chifukwa ndalama imene tikukambayi si yotola. Ndi ya mpamba, ina yochita kukongola ku banki m'khonde, ndipo ikapita yapita. Njira ziwirizi zimaoneka ngati n'zofanana poti zonse zili pafoni, koma zimagwira ntchito mosiyana kwambiri. Amene wamvetsa kusiyanako sangataye ndalama chisawawa.

Kusiyana kwake kuli pati?

Taganizirani tsiku la msika pa Jali. Pali munthu amene wanyamuka kwawo ndi ndalama m'thumba, wafika n'kumafunsa kuti, "Kodi mpunga wa Faya akugulitsa mbali iti?" Ameneyu wasankha kale chogula, chatsala n'kupeza wogulitsa. Ndiye pali wina amene wakhala phee mu minibasi kudikira kuti idzaze, alibe ganizo logula kanthu, koma venda wamuonetsa nsomba yowamba pawindo, fungo lamukoka, wapisa m'thumba.

Munthu woyambayo ndi wa Google. Wachiwiriyo ndi wa Facebook.

Ku Google, inu mumasankha mawu amene mukuganiza kuti wogula alemba akamasaka. Munthu akalemba mawuwo, malonda anu amatha kuoneka pamwamba pa zotsatira zonse. Simulipira chifukwa choti aoneka. Mumalipira munthu akadina. Mtengo wa kudina kumodzi sukhala wokhazikika, umatengera kuti ndi angati amene akulimbirana mawu omwewo, ngati mmene zimakhalira pa okushoni. Google yakhala ikugulitsa malonda motere kuyambira chaka cha 2002.

Ku Facebook, komanso ku Instagram poti zonsezi pamodzi ndi WhatsApp ndi za kampani imodzi ya Meta, simusankha mawu. Mumasankha anthu: a dera liti, a zaka zingati, amuna kapena akazi, okonda zotani. Kenako chithunzi kapena kavidiyo kanu kamatulukira pakati pa zimene akuwerenga, iwo asanakufunseni. Nthawi zambiri ndalama yanu imatha molingana ndi kuchuluka kwa maulendo amene malondawo aonekera pa mafoni a anthu, kaya agula kaya sagula.

Choncho funso loyamba musadzifunse kuti, "Yotchipa ndi iti?" Dzifunseni kuti, "Kodi kasitomala wanga akundisaka kale, kapena ndikuyenera kumukumbutsa kuti ndilipo?"

Ndani amasaka za ku Chilwa pa Google?

Apa tinene zoona. Mayi wa ku Ndirande amene akufuna matemba a ndiwo zamadzulo satsegula Google. Amapita pamsika, kapena amafunsa pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi kapena la kuntchito. Venda wa ku Limbe amene amapikula mpunga matumbamatumba ali kale ndi manambala a anthu ake, amangoimba. Msodzi amene wagona pa chimbowera sabata yathunthu ndipo akufuna batire ya tochi sasaka pa intaneti, amatuma mnzake wopita kumtunda.

Palinso nkhani ya mabandulo. Ambiri a ife timagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook basi, chifukwa ndiyo yotsikirako mtengo ku Airtel ndi ku TNM komwe. Munthu wa bandulo yotereyi sangatsegule Google, ndipo ngakhale mutamutumizira linki ya webusaiti yanu, siitseguka. Malonda anu a pa Google munthu ameneyu sadzawaona n'komwe.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa: Chichewa sichili m'gulu la zilankhulo zimene Google imavomereza polemba malonda olipira. Inde, pa Google Translate Chichewa chilipo kuyambira 2014, koma ku malonda ndi nkhani ina. Ndiye kuti malonda anu muwalembe m'Chingerezi, ndipo amene muwapeze ndi amene amasaka m'Chingerezi. Kuwonjezera apo, mawu amene anthu sawasaka kawirikawiri Google imawaika pambali n'kulemba kuti low search volume, ndipo malonda anu saoneka mpaka osaka atachuluka. Ubwino wake ngwakuti simulipira kanthu pa mawu oterowo. Kuipa kwake ngwakuti mwataya nthawi kudikira foni yosalira.

Koma alipo anthu amene amasakadi za kuno. Mlendo amene wafika ku Zomba, wakwera kuphiri ku Ku Chawe, ndipo ali ndi tsiku limodzi lapadera asanapitirire ku Liwonde kapena ku Mulanje, ameneyo amatsegula Google n'kulemba Lake Chilwa boat trip kapena Chisi Island. Okonda kuona mbalame amadziwa kuti Chilwa ndi dambo lotchuka padziko lonse, lili m'kaundula wa Ramsar, ndipo amasaka munthu woti awaperekeze. Ophunzira ndi akafukufuku, a ku University of Malawi pompano pa Zomba ngakhalenso ochokera kunja, amafuna boti, malo ogona ndi womasulira. Anthu amenewa ndi ochepa, koma aliyense wa iwo wabwera ndi ndalama yokonzera zomwezo. Ngati geni yanu ndi ya boti, yoperekeza alendo kapena ya malo ogona, Google ndi yanu.

Ngakhale zili choncho, musathamangire kulipira. Yambani ndi chaulere. Pali chimene amachitcha Google Business Profile, pomwe mumalembetsa bizinesi yanu kuti izioneka pa Google Maps ndi dzina, nambala ya foni, zithunzi ndi nthawi yotsegulira. Salipiritsa. Poti opikisana nanu pa mawu onena za Kachulu kapena Chisi ndi owerengeka, kulembetsa kokhako kukhoza kukuikani pamwamba osatulutsa ngakhale tambala. Mlendo aliyense amene wasangalala ndi ulendo m'pempheni alembepo ndemanga yake. Ndemanga zisanu zenizeni zimakoka mlendo wotsatira kuposa malonda olipira.

Nanga Facebook imathandiza ndani?

Katundu wathu wambiri kuno ndi wa m'maso. Mpunga woyera mbee wongotuluka kumene m'chigayo, makumba owamba bwino, milamba yonona, matemba owumitsidwa mwaukhondo osagona pamchenga, mphasa zolukidwa mwaluso. Munthu sanadzuke n'cholinga chogula zimenezi, koma akaziona pafoni mate amadzaza m'kamwa. Apa ndi pamene Facebook imaposa Google. Mumalemba m'Chichewa chathu chomwechi, mumaika kavidiyo ka masekondi 20, ndipo mumasankha kuti aone ndi anthu a mu mzinda wa Zomba, a ku Blantyre kapena a ku Lilongwe.

Mukhozanso kuloza abale athu amene ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Ambiri a iwo amafuna kugulira makolo thumba la mpunga kumudzi, kapena kutumiziridwa nsomba zowuma kudzera kwa amatransipoti. Sangasake zimenezi pa Google, koma madzulo aliwonse ali pa Facebook kufuna kumva za kwawo.

Msampha uli pa batani lija lolembedwa Boost post. N'losavuta kudina, ndiye anthu amangodina osayang'ana cholinga chimene asankha. Mukasankha kuti mukufuna anthu ambiri achite chidwi ndi positi, Facebook ikupezerani akatswiri odina like, anthu amene amakonda chilichonse koma sagula kanthu. M'mawa mudzuka n'kupeza ma like 600, mtima n'kukhala m'malo, koma m'thumba muli mbee. Zili ngati kuponya khoka pamalo olakwika: lalemera ndithu pokoka, koma mwadzaza zinyalala ndi achule.

Sankhani cholinga choti anthu akutumizireni uthenga, ndipo mulumikize tsamba lanu ndi nambala ya WhatsApp. Munthu akadina, amagwera mu WhatsApp yanu n'kuyamba kufunsa mtengo. Izi zikugwirizana ndi mmene Amalawi timagulira zinthu. Timafuna kulankhula ndi munthu, kunenerera, kufunsa ngati katundu afike Lachisanu. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, ndipo ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, komanso uthenga woyankha wokha pamene muli pamadzi.

Deranso lichepetseni. Ngati katundu wanu mungathe kumufikitsa ku Zomba ndi ku Blantyre kokha, palibe chifukwa cholipirira kuti akuoneni a ku Karonga. Aliyense amene waona malonda anu koma simungamufikire wadya ndalama yanu.

Vuto la madola

Pali chinthu chimodzi chimene Google ndi Facebook akufanana: onse salandira ndalama ya m'manja, ndipo mtengo wake umatsatira ndalama zakunja. Pamafunika khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kulipira kunja. Tonse tikudziwa mmene nkhani ya ndalama zakunja yavutira m'dziko muno. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mabanki akhala akuchepetsa ndalama zimene munthu angalipire kunja ndi khadi. Tanthauzo lake n'lakuti malonda a madola asanu lero amadya makwacha ambiri kuposa kale, pomwe phindu la pa thumba la mpunga silinakwere chimodzimodzi. Komanso khadi likakana kulipira, malonda amaima pompo mpaka mutabweza ngongoleyo.

N'chifukwa chake kwabuka anthu amene amati, "Nditumizireni pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndikupangirani boost." Ena ndi achilungamo ndipo amaidziwadi ntchito. Ena ndi akamberembere. Musanatumize ndalama, gwirizanani kuti akuonetseni lipoti lochokera ku Facebook kwenikweniko, losonyeza ndalama imene yalowa, anthu amene afikiridwa ndi mauthenga amene abwera. Ndipo pasiwedi yanu musapereke kwa munthu. Tsamba la bizinesi lili ndi njira yopatsira wina mpata woyendetsa malonda popanda kumupatsa makiyi a nyumba yonse. Amene akukakamira pasiwedi, m'kanireni.

Njira ina yozemba madola ndi kulipira masamba akuluakulu a konkuno amene ali kale ndi owatsatira ambiri, monga Mikozi ndi ena otero, kapena masamba ang'onoang'ono a nkhani za ku Zomba. Awa mumalipira m'makwacha. Kusiyana kwake n'kwakuti simungasankhe amene aone, positi imapita kwa aliyense wotsatira tsambalo, kaya ali ku Mzuzu kaya ku Nsanje.

Tiwerengere limodzi

Kaya mwasankha njira iti, samu yake ndi imodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu.

Tinene kuti mwaika K30,000 pa malonda a sabata imodzi. Anthu 50 akutumizirani uthenga. Mwa iwo, 6 agula thumba limodzi aliyense. Ndiye kuti kasitomala mmodzi mwamugula pa K5,000. Ngati phindu lanu pa thumba, mutachotsa chigayo, thumba lenilenilo, kabaza ndi transipoti ya ku tauni, ndi K8,000, mwatsala ndi K3,000 pa thumba, geni ikuyenda. Ngati phindu ndi K4,000, mwagwira ntchito sabata yonse n'kuluza K6,000, ngakhale foni inali kulira usana ndi usiku.

Koma samuyi ili ndi mbali yachiwiri. Mpunga ndi nsomba ndi zinthu zimene munthu amagula mwezi ndi mwezi. Ngati atatu mwa anthu 6 aja abweranso mwezi wamawa osalipiranso malonda, K5,000 ija yayamba kubwerera. Choncho sungani nambala ya aliyense amene wagula, m'pempheni asunge yanu, kuti aziona status yanu. Pakatha miyezi ingapo, status yaulereyo imayamba kugulitsa kuposa malonda olipira.

Kwa mwini boti samu imasintha. Mlendo wochokera kunja mwina sadzabweranso, koma ulendo umodzi wa gulu la anthu anayi ukhoza kubweza ndalama yonse ya malonda a mwezi. N'chifukwa chake iye angapirire kulipira mokwererapo pa kudina kumodzi ku Google, pomwe wa matemba a K2,000 sangayerekeze.

Kuti mudziwe njira imene ikugwira, funsani aliyense wogula funso limodzi: "Mwandidziwira kuti?" Lembani m'kope. Pakutha pa mwezi kopelo likuuzani zoona kuposa ma like.

Nyanja yathu ili ndi nyengo zake

Wotsatsa wa ku Chilwa ayenera kukumbukira chimene wa mu tauni sachiganizira. Katundu wathu amayendera nyengo. Nthawi ya dzinja boma limatseka usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane, ndipo nsomba zimasowa. Mpunga umachuluka pokolola, mtengo n'kugwa, kenako umakwera chakumapeto kwa chaka. Msewu wa fumbi wochoka ku Kachulu kupita ku Zomba, wa makilomita pafupifupi 30, mvula ikagwa umasanduka nkhani ina. Ndipo nyanjayi ndi yosaya, imaphwa. Akuluakulu amakumbukira 1968 ndi 1995, ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso athu mu 2018 mabwato atakhala pamatope owuma.

Ubwino wa malonda a pa intaneti, a Google ndi a Facebook omwe, ndi woti mukhoza kuwaimitsa tsiku lomwelo. Gwiritsani ntchito mwayi umenewu. Musatsatse katundu amene mulibe m'manja, ndipo musalonjeze Lachiwiri pomwe mukudziwa kuti galimoto ikhoza kutitimira. Kasitomala amene watumiza ndalama n'kudikira masiku asanu osamva kanthu sangokhala chete. Amajambula zokambirana zanu n'kuziponya pa gulu, ndipo dzina limene mwalimanga chaka chonse limagwa tsiku limodzi.

Nkhani ya chikhulupiriro ndi yaikulu kuposa nkhani ya malonda. Anthu aberedwa kokwanira ndi mauthenga abodza a pafoni, ndiye munthu wa ku Blantyre amaganiza kawiri asanatumize ndalama kwa mlendo wa ku Kachulu. Onetsani nkhope yanu. Jambulani kavidiyo muli pachigayo kapena padoko, mukutchula tsiku ndi mtengo. Zithunzi zikhale zanu, osati zotola pa intaneti. Kwa wogula koyamba, lolani alipire theka, theka linalo katundu akafika. Ndipo ngati maloto anu ndi oti mpunga wanu wa m'mapaketi ulowe m'masitolo akuluakulu, dziwani kuti kumeneko adzafuna chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, chimene malonda a pa Facebook sangalowe m'malo mwake.

Ngati kasitomala wanu ali konkuno

Pali gulu lachitatu limene njira zonse ziwirizi sizilifikira bwino. Ngati mumagulitsa maukonde, mafuta a injini, mbewu, feteleza kapena mumakonza njinga, makasitomala anu ndi asodzi ndi alimi a m'midzi ya kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi ku Chisi kwa Mkumbira. Ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndipo amene ali ndi foni yaikulu amayatsa data mwa apo ndi apo. Kulipira madola kuti mufikire munthu amene mumakumana naye pamsika sabata iliyonse n'kuseweretsa ndalama. Chikwangwani chooneka bwino panjira ya kudoko, kulengeza pa tsiku la msika, magulu a WhatsApp a m'dera, ndi wailesi ngati Chanco Community Radio imene imamveka m'dera lino, zimenezi n'zimene zingakuthandizeni.

Ndiye tipange bwanji?

Malangizo anga ndi awa, mwa ndondomeko yake.

Choyamba, malizani zaulere. Tsegulani tsamba la bizinesi pa Facebook losiyana ndi lanu la macheza, ikani WhatsApp Business, lembetsani pa Google Maps, ndipo muziika zithunzi zatsopano kawiri kapena katatu pa sabata. Ngati mumatha kujambula timavidiyo, TikTok nayo ikufikitsani patali osalipira. Chitani izi mwezi wathunthu. Ngati palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsa mtengo, vuto lili pa chithunzi, pa mtengo kapena pa katunduyo, ndipo kulipira kungochulukitsa anthu okudutsani.

Chachiwiri, onani amene amagula kwa inu. Ngati ndi munthu wakutali amene amasaka dzina la malo athu m'Chingerezi, yesani Google, ndi mawu ochepa olunjika pa ntchito yanu. Ngati ndi munthu wa mu tauni kapena wa ku Joni amene angakopeke ndi chithunzi, yesani Facebook yolowera ku WhatsApp. Kwa ambiri a ife kuno, a mpunga, a nsomba ndi a zoluka, yankho ndi lachiwirili.

Chachitatu, yambani ndi ndalama imene mungathe kuiluza osagona ndi njala, muiyendetse masiku 5 kapena 7, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Sabata ino chithunzi, sabata yamawa dera. Mukasintha zonse pakamodzi simudziwa chimene chathandiza.

Chomaliza, foni ikhale ndi moto ndipo muziyankha msanga. Munthu amene wafunsa mtengo 10 koloko m'mawa n'kuyankhidwa madzulo amakhala atagula kale kwina, ndipo ndalama imene munalipira kuti akupezeni yapindulira mnzanu.

Ngati munayesapo njira imodzi mwa ziwirizi pa geni yanu, kaya zinayenda kaya zinakanika, tiuzeni manambala ake enieni: munaika zingati, anafunsa angati, anagula angati. Achinyamata anzathu a ku Kachulu, ku Mchenga ndi ku Jali aphunzirapo kanthu asanatulutse yawo.